Liwu Lofiira la pa Tsamba 58

1. Chipinda cha kumbuyo

Zala anali atatha miyezi isanu ndi itatu akugwira ntchito kwa a Mtovu, osindikiza mabuku. Dzinali anamupatsa ndi a Mtovu omwewo tsiku loyamba, ataona mmene mtsikanayo ankagogodera mabatani a kompyuta maso ali kwina. Nawonso a Mtovu dzinalo sanabadwe nalo. Ntchitoyi anaiyamba kalekale zilembo zikadali za mtovu, zotola chimodzichimodzi ndi dzanja, ndipo mpaka lero m'zikhadabo mwawo munali mwakuda ngati mwa makaniko.

Kutsogolo kwa shopuyo kunali kauntala ndi makina a fotokope. Ntchito yeniyeni inali kumbuyo, m'kachipinda ka zenera limodzi loyang'ana khoma la garaja. Munali kompyuta imodzi, makina osindikizira a mitundu, chimpeni chodulira mapepala, ndi fani yothyoka phiko imene inkalira ngati ikutsokomola. Pa shelefu ya pamwamba pankakhala buku limodzi la ntchito iliyonse imene inatuluka m'nyumbamo.

Makasitomala awo ambiri anali ophunzira masamu a ku yunivesite, odzasindikizitsa mabuku a kafukufuku wawo wa digiri. Mashopu ena ankawakana chifukwa cha zizindikiro zawo zokhotakhota.

Ena mwa ophunzirawo akafuna kusonyeza kuti mfundo ya masamu ndi yoona, sankangolemba umboni wake m'mawu ayi. Ankaulembanso m'chinenero cha kompyuta n'kuupereka kwa pulogalamu ina imene ntchito yake ndi kuyendera umboniwo sitepe ndi sitepe. Ikapeza polakwika, imakana. Siimva zoti munthu watopa. Mizere imeneyi amaitcha khodi, ndipo imasindikizidwa m'buku momwemo kuti oyesa a ku yunivesiteko aiwerenge.

Kuti khodi iwerengeke bwino, imavekedwa mitundu. Mawu olamula amakhala abuluu, mayina a mfundo akuda, ndemanga za wolemba zobiriwira. Mitunduyi Zala sankaipaka ndi dzanja. M'kompyutamo munali kafayilo kamodzi, mndandanda wa mitundu, kouza makina kuti liwu lakuti livale mtundu wakuti. Mabuku onse a m'shopumo ankadalira mndandanda umodzi womwewo.

Pa mzere wa mtundu wofiira panali liwu limodzi lokha. Ndi kaliwu kafupi kamene wolemba amaika akakanika penapake. Kamauza pulogalamu ija kuti, "Apa sindinamalize, ingondikhulupirira, pitirira." Pulogalamuyo imadandaula pang'ono koma imapitiriradi. A Mtovu kaliwuko ankakatcha chigamba. Kumayambiriro kwa buku lililonse ankaikako kabokosi kofotokoza mitundu yonse, ndipo mzere wake wotsiriza unkati: Chofiira ndi malo amene umboni sunathe.

2. Zimene a Mtovu ananena

Lolemba lina achimwene ake a Zala anabweretsa buku lawo kuti lisindikizidwe. Atachoka, a Mtovu anaika fulashi, kachipangizo kosungiramo mafayilo a bukulo, m'dzanja la Zala.

"Ili ndi lako," anatero. "Kuyambira chikuto mpaka tsamba lomaliza. Ine sindiligwira. Yakwana nthawi yoti ndione ngati zala zimenezi zili ndi mutu."

Zala anamwetulira. Linali buku lake loyamba kuligwira yekha.

"Usasekerere msanga. Khala pansi."

Anakhala pa katoni ya mapepala. A Mtovu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Mwanawe, ife sitilemba mabuku. Ife timangoveka mawu a anthu ena. Ndiye malamulo anga ndi awiri, ndipo ndikuwabwereza ngakhale ukuwadziwa. Loyamba, khodi osailemba ndi dzanja. Itenge m'fayilo mmene ilili. Mzere ukatalika, chepetsa zilembo kapena goneka tsamba cham'mbali, koma osaudula pofuna iwe. Lachiwiri, mndandanda wa mitundu osaugwira. Oyesa aja ndi anthu otanganidwa, ambiri maso awo ndi otha ngati angawa. Akalandira buku amathamangitsa masamba ndi chala kufunafuna chofiira. Akapanda kuchiona, mtima umakhala m'malo, ndiye amayamba kuwerenga. Amatero chifukwa amakhulupirira ife. Inki nayonso imatha kunama, mwanawe, ngakhale mawu onse ali olondola."

Anavala magalasi aja n'kuyang'ana kukhoma la garaja.

"Ndili msinkhu wakowu tinapatsidwa mayeso a masamu a masukulu ambiri kuti tisindikize. Mzere wina unali wautali, sunkakwana. Ndinatola kachizindikiro kamodzi, kakang'ono ngati nsabwe, n'kukatsitsira pa mzere wapansi kuti tsamba likongole. Linakongoladi. Koma funsolo linasanduka lina, lopanda yankho. Ana mazanamazana anatuluka thukuta ndi funso loti ngakhale aphunzitsi awo sakanalitha. Ukudziwa amene anachotsedwa ntchito? Mphunzitsi amene analemba funsolo. Ine ndinakhala chete. Patapita zaka ndinkamupeza bamboyo pa siteji ya basi akugulitsa zolembera. Ankandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumayankha. Anamwalira osadziwa. Nkhani imeneyi sindinauzepo ngakhale mayi a kunyumba. Ndakuuza iwe chifukwa uli ndi manja othamanga ngati amene ndinali nawo ine."

"Ndamva, bambo."

"Ehe. Dzuka pa katoni yanga, ukuphwanya mapepala."

3. Inki basi

Lachinayi masana Zala anapita kunyumba ndi tsamba limodzi lopinda m'thumba la siketi. Amayi ake anali pa khonde akupondaponda makina osokera. Ankasoka shati yoyera ya mikono yaitali.

"Ya a Pulofesa iyi," anatero osadzutsa mutu. "Tsiku lokaima pamaso pa oyesa asakaoneke ngati alibe mayi."

A Pulofesa anali achimwene ake aja. Dzinali anawapatsa ndi ana a nyumba zoyandikana, chifukwa ankayenda akulankhula okha. Zaka zitatu anakhala akulimbana ndi buku limeneli. Anali ataonda moti lamba wawo anachita kumuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Zala anawapeza m'chipinda, atagwira mutu. Anayala tsamba lija pa tebulo. Pakati penipeni pa mizere yabuluu ndi yakuda panali kaliwu kofiira ngati bala.

"Achimwene, mwandipatsa fayilo yakale. Muli chigamba pa tsamba 58."

"Fayilo ndi yomweyo. Tseka chitseko."

Zala anatseka.

"Sitepe imeneyo ndi yoona, mlongo wanga. Ndaiyesa ndi manambala osawerengeka, sinakanepo. Koma makinawa sakuimva. Miyezi inayi ndakhala ndikuwanyengerera ngati mwana wokana mankhwala."

"Ndiye kauzeni aphunzitsi anu."

"Aphunzitsi anga ali kunja, mauthenga sakuyankha. Mabuku akulandira mpaka mawa folo koloko. Ndikaphonya, ndi chaka chamawa. Ndipo malo aja ophunzitsa ku koleji sandidikira ine."

"Lipite choncho ndi chofiira chakecho. Mulembe kuti apa ndatsala."

A Pulofesa anaseka koma nkhope sinaseke nawo.

"Iwe, buku lonseli laima pa sitepe imeneyo. Akaona chofiira pamenepo, chatsala n'chikuto chokha."

"Ine sindingafufute kanthu, achimwene. A Mtovu anati..."

"Wakuuza zofufuta ndani? Liwulo likhale pomwepo. Usachotse ngakhale kadontho. Ungolivula chofiiracho, livale buluu ngati anzake. Wofuna kuliwerenga aliwerenga. Bodza lili pati pamenepo? Mwezi uno usanathe sitepeyo ndikhala nditaimaliza. Pofika tsiku loti andifunse mafunso, zonse zidzakhala zoona."

"Nanga akaitanitsa fayilo?"

"Amaitanitsa pokhapokha akakaika. Ndipo amakaika akaona chofiira."

Chitseko chinatseguka. Amayi anaima pakhomo, shati ili pa phewa, mapini ali pakamwa. Anawalavulira m'dzanja.

"Zamasamu zanuzo ine sindizimva," anatero. "Koma kunong'ona ndimakumva. Tamverani ana inu. Ine munthu akandibweretsera nsalu yobooka, ndimamuonetsa chibowocho ndisanadule. Ndikachibisa mu mpendero, tsiku lochapa loyamba chimatuluka, ndipo wotukwanidwa amakhala ine, osati wogulitsa nsalu. Zaka makumi awiri ndili pa khonde apa. Anthu anandibwezerapo zovala chifukwa chothina, ena chifukwa chochedwa, koma palibe anandibwezera chifukwa chomubisira kanthu. Bambo anu atatisiya, chimene chinatidyetsa m'nyumba muno ndi chimenecho. Ndiye ngati pali chibowo penapake, chinenedwe lero lomwe."

"Palibe chibowo, amayi," anatero a Pulofesa. "Tikukangana za mtundu wa inki basi."

"Inki basi?" Amayi anatembenukira kwa Zala. "Nanga iwe ukuvutiranji ndi inki? Mbale wako wavutika mokwana, tamuone mmene watheramu. Muthandize, aa! Tabwerani kuno a Pulofesa ndiyese khosili."

A Pulofesa anaimirira n'kutukula chibwano. Amayi akuyesa kolala, iwo maso anali pa mlongo wawo. Zala anapinda tsamba lija n'kulibwezera m'thumba.

4. Lachisanu m'mawa

Shopu itangotsegulidwa kunafika Amadamu. Awa anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yakutali. Zaka zinayi anakhala akukwera basi Loweruka lililonse kudzaphunzira, ndipo nawonso buku lawo linkafunika kuperekedwa tsiku lomwelo. Fulashi yawo anaimanga pamodzi ndi makiyi pa chingwe cha nsapato.

"Mwachedwa, Amadamu," anatero a Mtovu. "Mukufuna tisindikize ndi matsenga?"

"Pepani bambo, ana anali pa mayeso. Muli mafayilo atatu mmenemu. Ina ndi 'yomaliza', ina 'yomaliza yeniyeni', inayo 'yomaliza ndithu'."

"Ophunzira masamu inu kuwerenga mpaka pa 'yomaliza' kumakuvutani. Titenge iti?"

"Mutenge... yeniyeniyo. Eee, yeniyeni."

"Zigamba mulibe?"

"Ndinasoka zonse, bambo. Chomaliza ndinachimaliza Lamlungu, mwana akutentha thupi pamiyendo panga. Ndithamangire kaye ku ofesi kukasainitsa mafomu, ndibwera cha m'ma thuu."

Zala ankamva zonsezi ali kumbuyo, yekha ndi kompyuta. Buku la achimwene ake linali litakonzeka. Linangotsala kutuluka.

Anatsegula mndandanda wa mitundu. Anayang'ana kuchitseko. Kenako anachotsa kaliwu kaja pa mzere wofiira n'kukaika kumapeto kwa mzere wabuluu. Anasunga, natseka. Sizinatenge ngakhale nthawi yomwera kapu ya madzi.

"Likangotha kutuluka ndibwezeretsa," anadziuza.

Makina anayamba kulavula masamba. Tsamba 58 litatuluka analinyamula likadali lotentha. Linali lokongola, labata, lopanda bala. Kaliwu kaja kanali pomwepo, koma munthu akanachita kukafufuza ndi chala kuti akapeze.

Tsamba lomaliza litangogwa, a Mtovu analowa ndi chitini chopanda kanthu.

"Zala, guluu watha. Thamanga ku hadiweya. Dzuka ndikhalepo, ndiyambe za Amadamu."

"Bambo, ndingomaliza kaye kanthu kena."

"Kanthu kanji? Masamba ako si awa atuluka onse? Mabuku awiri afunika kumatidwa n'kuuma isanakwane folo. Thamanga, mwanawe."

Anali ataima kale kumbuyo kwa mpando, dzanja lili pa chotsamira. Zala anadzuka.

Ku hadiweya yoyamba guluu wa mabuku kunalibe. Ku yachiwiri kunali mzere wa amisiri ogula misomali, ndipo wogulitsa ankaiwerenga ngati akuwerenga mazira. Zala anabwerera patatha ola lathunthu, thukuta lili kamukamu.

5. "Muli bwino, bambo"

Anapeza buku la Amadamu litatuluka lonse, mulu wake uli pa tebulo. A Mtovu anaunyamula n'kuthamangitsa masamba ndi chala chachikulu, maso ali tcheru. Anabwerezanso kachiwiri.

"Palibe chofiira," anatero. "Mayi ameneyu walimbikira. Sukulu, mwana, basi ya Loweruka, koma wamaliza."

Zala anaima pakhomo ndi chitini cha guluu. Ankadziwa kuti chofiira sichikanaoneka ngakhale chikanakhalamo.

"Lako sindiliyang'ana," anapitiriza a Mtovu, akuloza mulu winawo ndi chibwano. "Ndinati ndi lako. Muli bwino?"

Kunena zoona kukanangotenga mphindi imodzi, buku la Amadamu n'kulitulutsanso. Koma funso lotsatira likanakhala lakuti, mndandanda unaugwiriranji?

Amadamu ananena okha kuti anasoka zonse, anaganiza choncho Zala.

"Muli bwino, bambo."

"Chabwino. Bweretsa guluuyo."

A Mtovu atatembenukira ku chimpeni chija, Zala anakhala pa kompyuta n'kubwezera kaliwu kaja pa mzere wake wofiira. Palibe anamuona.

Cha m'ma thuu Amadamu anabwera. Analandira mabuku awo ndi manja awiri, nawanunkhiza ngati mwana wakhanda. Anatsegula apa ndi apo, kuyang'ana dzina lawo ndi mitundu ija.

"Mwana wanga, uli ndi manja abwino," anamuuza Zala. "Ukadzafuna kubwerera ku sukulu udzandipeze. Ndidzakuphunzitsa ulere."

A Pulofesa anabweranso kudzatenga awo. Sanatsegule. Anangomugwira mlongo wawo pa phewa n'kutuluka mwachangu. A Mtovu anakwera pa sitepe n'kuika mabuku awiri atsopano pa shelefu ya pamwamba, moyandikana.

Madzulo a tsikulo a Pulofesa anadya mpaka kupempha zina, zimene sanachitepo kwa miyezi. Amayi anasita shati ija n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Zala anati mutu ukumupweteka.

6. Masamba awiri

Lachiwiri la sabata yotsatira, dzuwa lili pamutu, Amadamu analowa m'shopu osanena odi. Maso anali otupa. M'manja munali buku lawo, timapepala tinayi titasuzumira m'masamba.

Anapitirira kauntala mpaka kuchipinda cha kumbuyo n'kuliika pa tebulo.

"Bambo, mwandipha."

A Mtovu anazimitsa fani. "Khalani pansi, mayi. Zala, perekako mpando."

"Sindikhala. Woyesa wamkulu anayambira buku langa, poti linali pamwamba pa mulu. Bambo ameneyo sathamangitsa masamba. Amawerenga mzere uliwonse ndi rula. Wapeza zigamba zinayi. Ndinakupatsani fayilo yolakwika, yoyenera inali 'yomaliza ndithu'. Umenewo ndi mlandu wanga, ndavomera, ndipo akanangondibweza kuti ndikasindikizenso. Koma taonani."

Anatsegula pa kapepala koyamba. Chigamba chinali pamenepo, chitavala buluu.

"Akuti ndinabisa dala. Akuti kabokosi ka kutsogoloku kakunena kuti chofiira ndi malo osatha, ndiye ine ndinasintha mtundu kuti ndiwapusitse. Ndawaonetsa fayilo yomalizidwa, akuti mwina ndamaliza dzulo nditagwidwa. Lachinayi ndikaonekera ku komiti. Akandipeza wolakwa, digiri palibe, ndipo alembera kalata akuluakulu a ku sukulu kwanga. Ine ndimalanga ana akabera mayeso, bambo. Ndikawayang'ana bwanji ana amenewo?"

A Mtovu anamasula fulashi ya Amadamu pa chingwe cha nsapato chija, natsegula fayilo yomweyo ya Lachisanu, n'kutulutsa tsamba lomwelo. Linatuluka ndi kaliwu kofiira pakati.

Anaika masamba awiriwo moyandikana. Mawu ofanana, mizere yofanana. Lina bala lili poyera, lina lili lobisika.

Anatsegula mndandanda wa mitundu. Kaliwu kanali pa mzere wake wofiira, ngati sikanasuntheko. Koma a Mtovu anayandikiza nkhope ku kompyuta n'kuwerenga timalemba ta m'mbali.

"Mndandanda uwu ndinaugwira komaliza zaka zitatu zapitazo," anatero pang'onopang'ono. "Koma apa akuti unagwiridwa Lachisanu masana. M'chipinda chino timalowa anthu awiri."

Zala anali ataima pafupi ndi chimpeni chodulira mapepala.

"Ayi bambo, mwanayu ayi," anatero Amadamu. "Angandichitire zimenezo chifukwa chiyani? Ndinamulakwira chiyani ine? Mwina ndi makinawa."

"Makina sasintha maganizo m'mawa n'kubwerera masana, mayi. Koma mukunena zoona, inu simunamulakwire. Lachisanu tinasindikiza mabuku awiri."

Anakwera pa sitepe, natsitsa buku la a Pulofesa, n'kuliika pa tebulo osalitsegula.

"Mwanawe, ndinakuuza za bambo wa zolembera uja. Sindinakuuze kuti usangalale ndi nkhani. Zaka makumi anayi ndakhala ndikumunyamula munthu ameneyo, ndipo sapepuka. Ine sindikhalanso chete kachiwiri. Mayi awa sakaima okha Lachinayi. Kalata yopita ku komiti ndilemba lero, yonena kuti mtundu unasinthidwira m'nyumba muno, iwo osadziwa. Shopu ino ikhoza kutaya ophunzira onse chifukwa cha kalata imeneyo. Ndikudziwa. Koma a komiti akafunsa kuti anasintha ndani, ndiponso chifukwa chiyani. Yankho limenelo ndikufuna ndilimve pakamwa pako, osati kwa makina. Ukalinena wekha, ndikaima nawe. Likatuluka m'makinamu iwe uli chete, ndiye kuti ine ndi iwe tathana."

Zala anayang'ana buku la achimwene ake. Anayang'ana Amadamu, amene ankapotokola chingwe cha nsapato chija m'zala.

A Mtovu anadikira. Kenako anakhala pa mpando n'kutsegula fayilo ya a Pulofesa.

"Khodi yawo ikuyambira pa tsamba 50," anatero. "Tiyambire pomwepo kusindikizanso, tione ngati mutuluke chofiira."

Anadina batani. Makina anadzuka, nakoka pepala loyamba.

Tsamba 50 linagwa, labuluu ndi lakuda. Linatsatira 51. A Mtovu ankatola lililonse, kuliyang'ana, n'kuliika chafufumimba pa tebulo. 52. 53.

"Odi kuno!"

Mawuwo anachokera ku kauntala. Zala anawazindikira asanathe n'komwe.

"Odi, a Mtovu! Mlongo wanga alipo? Ndabwera kudzathokoza. Andipatsa tsiku la mafunso!"

A Pulofesa anasuzumira pakhomo la chipindacho akumwetulira, atavala shati yoyera ija kuti anthu aione. Anaona Amadamu. Anaona buku la iwo eni pa tebulo, ndi masamba awiri ogonekedwa moyandikana. Kumwetulira kunatha.

"Lowani, a Pulofesa," anatero a Mtovu osatembenuka. "Mwafika nthawi yabwino. Zala, ukadali ndi mpata."

Achimwene ake anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, moti anaona ndi iye yekha. Amadamu nawonso anali akumuyang'ana tsopano.

Tsamba 57 linagwera m'thireyi. Makina anakoka pepala lina.